Aphunzitsi, musaigulitse yonse penshoni ya mwezi ndi mwezi

Mayi wina wophunzitsa pasukulu ya boma wanditumizira imelo. Ali ndi zaka 52, agwira choko kwa zaka 27, ndipo akufunsa kuti: "Ndikadzapuma pantchito nditenge ndalama zambiri pakamodzi n'kuyamba bizinesi, kapena ndizilandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi? Nanga penshoni yokhayo idzandikwanira?"

Aphunzitsi, choyamba dziwani mtundu wa penshoni yanu, chifukwa ilipo mitundu ikuluikulu iwiri. Mu mtundu woyamba boma limakulonjezani ndalama yowerengedwa kuchokera pa malipiro anu ndi zaka zimene mwagwira ntchito. Tiyerekeze kuti lamulo likuti chaka chilichonse chimakupatsani gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro anu omaliza. Ndiye kuti mukagwira zaka 30 muzilandira theka la malipirowo mpaka tsiku lomwalira. Mu mtundu wachiwiri inu ndi olemba ntchito mumasonkha mwezi uliwonse, ndalamazo zimaikidwa m'masheya, m'nyumba zobwereketsa kapena m'ngongole za boma, ndipo zimene mudzapeze ndi zimene zidzakhale zitaswana. Zikapanda kuswana bwino, woluza ndi inu. Dziko la Chile linasamukira ku njira yachiwiriyi mu 1981. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2015 anasintha kawerengedwe ka penshoni ya aphunzitsi kuti kazitengera malipiro a zaka zonse, osati omaliza okha. Malamulowa amasintha, choncho musadalire zimene anakuuzani tsiku limene munalembedwa ntchito.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Ine ndikuti musaigulitse yonse penshoni ya mwezi ndi mwezi posinthana ndi ndalama yapakamodzi. Munthu wopuma pa zaka 60 akhoza kufika zaka 85. Imeneyo ndi miyezi 300 yofunika kudya, kuvala ndi kugula mankhwala, ndipo mankhwalawo amachuluka pamene mphamvu zikuchepa. Penshoni ya pamwezi yolonjezedwa mpaka tsiku lomwalira siitha ngakhale mutakalamba chotani. Ndalama yapakamodzi imatha, ndipo imatha msanga chifukwa imamveka. Achibale amadziwa tsiku limene yalowa, ana amakumbukira za fizi, mnzanu wina amabwera ndi bizinesi imene akuti phindu lake n'losachita kufunsa. Mtima wa mphunzitsi ndi wozolowera kupatsa, ndipo kukana kumakuvutani. Komanso kuphunzira malonda muli ndi zaka 60, pogwiritsa ntchito ndalama zimene simungathe kuzipezanso, n'kutchova juga. Ngati bizinesiyo mukuifunadi, iyambeni panopa pang'onopang'ono malipiro akadalipo, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pogwira.

Komabe pali mdani wa penshoni ya pamwezi amene sindingakubisireni: kukwera mitengo kwa zinthu. Mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti pachaka, pakatha zaka pafupifupi 7 ndalama yanu imagula theka la zimene inkagula. Ndiye kafunseni ngati penshoni yanu imakwezedwa mitengo ikakwera, komanso ngati kukwezako n'kolembedwa m'lamulo kapena kumangodalira chifundo cha olamulira. Ngati siikwezedwa, pamenepo m'pomveka kutenga gawo limene lamulo limalola, n'kuliika pa zinthu ziwiri zokha: kubweza ngongole zonse ndi kumaliza nyumba yoti muzikhalamo osalipira lendi.

Kodi idzakukwanirani? Kawirikawiri ayi, n'chifukwa chake muyenera kusunganso pambali, ku SACCO (bungwe limene mamembala amasungako ndi kubwerekako ndalama), ku thumba la penshoni lodzifunira kapena ku banki. Onani masamu awa, poti ndinu aphunzitsi. Mukamasunga muyeso umodzi wa ndalama chaka chilichonse pa chiwongoladzanja cha 8 peresenti, pakatha zaka 8 mumakhala ndi miyeso pafupifupi 11. Wosunga chimodzimodzi kwa zaka 30 amakhala ndi miyeso pafupifupi 113. Zaka zanu zatsala zochepa, choncho muyenera kusunga gawo lalikulu, koma masamuwa mukawaonetse aphunzitsi achinyamata mu sitafu rumu. Posankha kosungira, funsani ngati bungwelo lili ndi chiphaso, ndipo akuuzeni ndalama imene amadula chaka ndi chaka poyendetsa thumbalo.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya mapepala. Azakhali anga anaphunzitsa moyo wawo wonse, koma atapuma anakhala miyezi yambiri osalandira kanthu chifukwa tsiku lobadwa la mufayilo linkasiyana ndi la pachitupa. Ndinawaona akukwera ndi kutsika m'maofesi miyendo itatupa, akubwereka kwa anthu amene iwo anawaphunzitsa kulemba dzina. Musadikire kuti zimenezi zikuonekereni. Chaka chino pitani mukaone fayilo yanu ndi maso anu. Dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku loyamba ntchito zigwirizane paliponse. Makalata olembedwera ntchito, otsimikizidwira ndi okwezedwera pa udindo akhalemo, ndipo inu musunge makope kunyumba. Ngati amakudulani ndalama ya penshoni pa malipiro, pemphani sitetimenti muone ngati ikufikadi kuthumba. Muonenso maina a anthu odzalandira ndalamazo inu mutamwalira, chifukwa aphunzitsi ambiri analemba makolo awo asanakwatire, ndipo mpaka lero ana awo mulibemo.