Mbiri ya bambo anu isalembedwe ndi a ku ofesi

Sabata yatha ndinalandira kalata ya mayi wina wa ku Luchenza. Akuti mwezi wamawa kwawo kuli mwambo wa chiliza cha bambo awo, ndipo abale asankha iwowo kuti akawerenge mbiri ya malemu. Koma chimene akudziwa ndi zaka zomwe bambowo anagwira ku esiteti ya tiyi basi, ndipo mayi awo akafunsidwa amangoti, "Anali munthu wabwino." Funso lawo ndi lakuti alembe chiyani.

Achemwali, kalata yanuyi yandigona pamtima masiku atatu, chifukwa mwandikumbutsa maliro a bambo anga.

Tsiku loika, anaimirira bambo wina wochokera ku ofesi, pepala lili m'manja. Anawerenga chaka chimene malemu analowa ntchito yothyola tiyi, chaka chimene anawakweza kukhala kapitawo, kuti sankachedwa, kuti sanakanganepo ndi mabwana. Anathokoza, n'kukhala pansi. Anthu anagwedeza mitu. Usiku wake, anamfedwa atayamba kuchepa, mayi anga anandikokera pamphasa n'kundinong'oneza kuti, "Amene amanenedwa masana uja ine sindikumudziwa. Wanga anali wa tchopa."

Ankanena zoona. Bambo anga akavula yunifomu ya kaki Loweruka masana ankasanduka munthu wina. Ankatsitsa thumba lawo la zikopa lomwe linkakhala kudenga, n'kuyamba kulikung'untha fumbi akuimba chapansipansi m'Chilhomwe. Ng'oma zikalira, kapitawo woopedwa uja ankavina mpaka thukuta kuyenderera m'ndevu, ife ana tikubisa nkhope ndi manyazi. Pamene bungwe la UNESCO linaika tchopa m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu padziko lonse mu 2014, mayi anaseka, amvekere, "Abambo ako anazindikira kalekale." Mpaka lero ndikapita ku Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala, maso anga amasakasaka msana wawo pakati pa ovina.

Ndiye panali bawo. Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi Chitakale, bambo ankatha tsiku lonse la Lamulungu atachoka ku tchalitchi. Ndikukumbukira zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi zikutola nkhomo m'maenje, osayang'ana n'komwe, pakamwa pali nthabwala. Akaluza ankabwera kunyumba ali duu, n'kupita molunjika kumunda wa nanazi. Mundawo unali pamalo a kwa mayi, poti iwo anali mkamwini. Anthu ankawaseka kuti mkamwini sadzala mitengo pamudzi pa eni, koma iwo anadzala mapeyala asanu ndi umodzi kuseri kwa nyumba. Adzukulu awo akudya lero.

Ndinene mosapsatira: mwambo wathu wowerenga mbiri pamaliro wasanduka kalata yofunsira ntchito. Anabadwa, anaphunzira, anagwira ntchito, anadwala, watisiya. Ine zimandipweteka, makamaka kuno kwathu. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuyambira nthawi imeneyo maina a makolo athu akhala akulembedwa m'mabuku a kusikelo, pambali pa makilogalamu a masamba amene athyola. Moyo wonse anawayeza ndi dengu. Ndiye ifenso ana awo tikawayeze ndi dengu lomwelo pamanda? Ayi. Kampani inatenga masana awo, koma madzulo ndi Loweruka zinali zathu, ndipo ndife tokha tingazinene.

China chimene chimandiwawa n'chakuti zithunzi za bambo anga tilibenso. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi analowa m'nyumba ya mayi n'kunyowetsa sutukesi momwe munali chilichonse. Chithunzi chokha chomwe chinapulumuka ndi cha pa chiphaso cha kuntchito, poti chinali chomatidwa pulasitiki. Nkhope yolimba, kolala yomangidwa mpaka pakhosi. Mwana wanga akachiona amafunsa ngati agogo ankaseka n'komwe. Ndimamuuza za tsiku limene anatitengera ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, n'kuterereka pamwala, n'kugwera m'madzi ozizira aja ndi nsapato zomwe, akuseka mpaka kutsokomola. Koma za Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, sankalola ngakhale kuiloza ndi chala. Ankati kuli eni ake.

Nanga inu muchite chiyani?

Musawafunse mayi anu kuti bambo anali munthu wotani. Funso limenelo ndi lalikulu, ndipo mayi wamasiye amalithawa. Khalani nawo pamene akusenda chinangwa kapena akusankha nandolo, manja ali otanganidwa, muwafunse tinthu tating'ono. Anakumana kuti? Ndiwo zimene bambo ankadana nazo zinali ziti? Bullets ikagonja pa wailesi ankatani, kapena anali a Noma? Akakwiya ankapita kuti? Mukatero pitani kwa anzawo a bawo, a kwaya kapena a kumsika, ndiponso kwa alongo awo, amene anawadziwa asanamere ndevu. Jambulani mawu pafoni, poti akuluakulu akaona cholembera amauma pakamwa.

Za ntchito muzipatse mizere iwiri, n'zokwanira. Ndipo musanakawerenge pagulu, muwawerengere kaye mayi anu muli awiri. Ine anga nditawawerengera zomwe ndinalemba patatha zaka, anandidula pakati, amvekere, "Mapeyala aja sanali asanu ndi umodzi. Unali umodzi wa ine, asanu a inu ana."