Funsani Azakhali: Anzanga akukoleji onse akukwera, ine ndilembe chani pagulupu?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka za m'ma 50, digiri yanga ya akaunti ndinaimaliza zaka zoposa 25 zapitazo. Tili ndi gulupu ya WhatsApp ya amene tinali kalasi imodzi, koma masiku ano ndikangotsegula foni mtima umachita kuti myuu, uyu wakwezedwa kukhala dayilekita, uyu wavala gauni ya PhD, wina waponya chithunzi cha mwana wake akulandira digiri kunja. Ine kampani yomwe ndinagwirako zaka zambiri inachepetsa anthu ndipo ndinali m'gulu la ochotsedwawo, panopa ndimangowerengetsera ndalama mabizinesi ang'onoang'ono, pena ntchito ilipo pena palibe. Ndiye atsogoleri a gulupu akonza zoti tidzakumane tonse, akuti aliyense alembe ndime imodzi yonena komwe ali ndi zomwe akupanga kuti aziike m'kabuku. Ndilembe chani ine? Kapena ndingotulukamo mwakachetechete?

Wamanyazi

Bambo Wamanyazi, pepani ndi za ntchitozo, koma pagulupupo musatuluke ayi. Poyamba tapangani kanthu aka, tsegulani pomwe pali mndandanda wa mayina onse, muwerenge anthuwo, kenako bwererani m'mameseji a miyezi yapitayi muone kuti amene amaponya zithunzi za pulomoshoni ndi angati. Mupeza kuti ndi nkhope zomwezomwezo, ochepa chabe. Ena onsewo, amene amangowerenga n'kuika kachala kokweza basi, ndi anthu ngati inu nomwe. Wina banja linatha, wina akudwazika mayi ake okalamba, wina ali paudindo womwe uja analowera ali mnyamata, wina ngongole yamufika m'khosi, ndipo aliyense akuganiza kuti wotsalira ndi iye yekha. Palibetu munthu amene amajambulitsa atanyamula kalata yomuchotsa ntchito.

Kudziyerekeza ndi anzanu si matenda anu nokha. Katswiri wa maganizo a anthu Leon Festinger analemba mu 1954 kuti munthu akasowa muyezo weniweni wodziyezera, amadziyeza ndi anthu ena, makamaka ofanana naye. Nde taonani, palinso ofanana nanu kuposa amene munakhala nawo kalasi imodzi, mayeso amodzi, gauni tsiku limodzi? N'chifukwa chake pulomoshoni ya munthu wachilendo siikukhudzani koma ya mnzanu uja munkamubwereka manotsi imalowa mpaka m'mafupa. Kale nkhani zoterezi munthu ankazimva mwa apo ndi apo, mwina mukakumana panjira, panopa zikukupezani pabedi m'mawa musanasukusule n'komwe.

Pali kafukufuku wina amene ndimafuna aliyense wa msinkhu wanu atamudziwa. Ku yunivesite ya Harvard ku America, mu 1938 anayamba kutsatira moyo wa ophunzira aamuna 268, kenako anaphatikizapo anyamata 456 ochokera m'mabanja ovutika a mumzinda wa Boston, n'kumawafunsa mafunso ndi kuwayeza thupi kwa moyo wawo wonse. Mmodzi mwa ophunzirawo anali John F. Kennedy, amene anadzakhala pulezidenti. Ena anatchuka, ena mowa unawasokoneza, ena anayamba bwino n'kugwa, ena anayamba movutika n'kudzaima bwino atakula. Amene akutsogolera kafukufukuyu, Robert Waldinger, amanena kuti chimene chinkaonetsa bwino kuti munthu adzakalamba wathanzi komanso wosangalala si udindo kapena ndalama, koma mmene ankakhalira ndi anthu ake ali ndi zaka za m'ma 50. Msinkhu wanu womwewu bambo. Ndiye inu mukufuna kudula anthu amene anakudziwani musanakhale ndi udindo uliwonse, chifukwa cha udindo?

Komanso tisabise, gulupu imeneyo ndi msika wa ntchito yanu. Mark Granovetter, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anaonetsa mu 1973 kuti anthu ambiri amamva za ntchito kudzera kwa odziwana nawo patalipatali osati anzawo apamtima, poti apamtimawo amadziwa zomwe inunso mukudziwa kale. Mu 2022 kafukufuku wa anthu pafupifupi 20 miliyoni a pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikizirana pa nkhani za ntchito, anapezanso zofananako. Dayilekita amene akukuchititsani manyaziyo mwina ali ndi mlamu wake amene bizinesi yake mabuku ali balalabalala ndipo akusowa munthu wokhulupirika, koma angakukumbukireni bwanji inu mutabisala?

Za ndimeyo, osanama komanso osadzilira. Mabodza a pagulu la anthu odziwana sachedwa kuululika, ndipo mukadzati ndinu "konsalutanti wamkulu" mudzavutika kuyankha tsiku lokumanalo. Lembani zoona, mwachidule, mwina chonchi: "Nditagwira ntchito ya akaunti zaka zambiri pakampani, panopa ndikuima pandekha, ndimathandiza mabizinesi ang'onoang'ono kusunga mabuku ndi kukonza za misonkho. Kunyumba tili bwino, ana akukula. Amene akufuna thandizo lotere andipeze." Mwaona? Mulibe bodza ngakhale limodzi, ndipo nkhani ya kuchotsedwa ija muli ndi ufulu woiuza amene mwamusankha nokha pamaso m'pamaso. Ku mkumanoko pitani ndithu. Musanapite muimbire mnzanu mmodzi mwa osalankhulalankhula pagulupu aja, mugwirizane kuti mukalowere limodzi.

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 52, digiri yoyamba ndinaitenga kalekale ndisanakwatiwe. Ana akula tsopano ndipo mtima ukufuna ndikapange masitazi, koma mwana wanga wamkulu akuti mwakalamba amayi, mudzaigwiritsa ntchito liti? Anzanga onse amene tinali nawo anapanga kale. Kodi ndachedwadi?

Mayi Wofuna Sukulu

Mayi, za kukalambazo mwana wanuyo waphonya. Nola Ochs anamaliza digiri yake ku Fort Hays State University ku Kansas, m'dziko la America, mu 2007 ali ndi zaka 95, ndipo Nelson Mandela digiri yake ya zamalamulo anaimaliza ku University of South Africa mu 1989, ali ndi zaka 70, akadali m'ndende. Mutu wanu sunatseke ayi, ndipo zaka zomwe mwagwira ntchito zidzakuthandizani m'kalasi kuposa mmene mukuganizira, zinthu zimene achinyamata akuloweza inu munaziona ndi maso.

Koma funso lake lachiwiri lija, loti mudzaigwiritsa ntchito liti, musalitaye, ndi funso lanzeru. Chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu oti anzanga onse anapanga kale. Ngati chifukwa chake n'chimenecho, masitazi ndi njira yodula kwambiri yopezera chithunzi cha gauni. Khalani pansi mudzifunse moona mtima, kodi pali udindo kuntchito kwanu umene sangakupatseni popanda pepalali, ndipo zaka zomwe zatsala musanapume zikwanira kubweza fizi? Kapena mukufuna mukadzapuma muzikaphunzitsa kapena kulangiza ena? Kapena mukungoikonda nkhaniyo basi? Chachitatuchi n'chifukwa chokwanira ndithu, bola muvomereze kuti mukugula chisangalalo chanu, ndiye mulipire ndi ndalama zimene mungathe kuziiwala. Ndalama za penshoni zokha ndiye musazikhudze, ndikubwereza, musazikhudze, munthu wa zaka 30 akaluza ali ndi nthawi yokwanira yosonkhanitsanso koma ife a msinkhu uwu nthawiyo ndi yochepa.

Musanapereke kalikonse fufuzani ngati sukuluyo ndi kosiyo zili zovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba, makamaka izi za pa intaneti zomwe zimakulonjezani digiri m'miyezi yochepa, zambiri mapepala ake mabwana sawalandira. Funsaninso kuntchito ngati amathandiza fizi kapena kupereka tchuthi cha mayeso, komanso ngati kosiyo ili ndi makalasi amadzulo kapena a kumapeto kwa sabata kuti malipiro asaime. Ndipo mukonzekere kompyuta, masiku ano ma asayimenti, mabuku ndi zokambirana zambiri zimadutsa momwemo. Mwana wanu wokayikirayo ndi amene akhale mphunzitsi wanu pamenepo.

Azakhali,

Ndakwezedwa kukhala mkulu wa dipatimenti patatha zaka zambiri ndikudumphidwa. Ndikufuna kuuza anzanga akukoleji pagulupu koma mnzanga wapamtima, amene tinkagona chipinda chimodzi, ntchito yake yangotha kumene. Ndikhale chete?

Wokondwa Koma Wamantha

Zabwino zonse achemwali, mwaivutikira imeneyi. Kukhala chete ayi, chifukwa adzamva ndithu kwa wina ndipo chidzamupweteke kwambiri n'chakuti munamubisira ngati munthu wosatha kukondwera nanu. Muimbireni iye poyamba, pafoni ndi mawu osati meseji, mufunse kaye mmene zikumuyendera ndipo mumvetsere mpaka amalize. Kenako muuzeni nkhani yanu mosazungulira, osaichepetsa ndi mawu oti aa ndi kaudindo chabe, iye si mwana, adziwa kuti mukumumvera chisoni. Akayankha mozizira musakhumudwe, mupatseni masiku.

Pagulupu lembani kamodzi, mizere iwiri, muthokoze amene anakulimbikitsani, osati zithunzi za ofesi yatsopano sabata yonse. Ndipo poti tsopano muli pampando umene mumamva msanga komwe kukufunika anthu, mupempheni mnzanuyo akutumizireni CV yake. Osalonjeza ntchito imene simungathe kupereka, ingomuuzani kuti mukamva kanthu komuyenera mudzamutchula dzina, ndipo mudzachitedi.