Msonkho wa kaboni, wa utsi, kapena wa mpweya woipa?

Mphunzitsi wina wa ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, wandifunsa kuti: "Pa wailesi akukamba za msonkho umene mayiko a ku Ulaya aika pa katundu wochokera kunja. Wina akuti wa kaboni, wina wa utsi, wina wa mpweya woipa. Ana ndiwaphunzitse uti?"

Aphunzitsi, funso lanu landikoma. Nkhani yake ndi lamulo la bungwe la European Union lotchedwa CBAM, lokhudza simenti, zitsulo, aluminiyamu, feteleza, magetsi ndi haidirojeni. Kuyambira pa 1 Okutobala 2023, oitanitsa katunduyu ankangonena kuchuluka kwa mpweya umene unatuluka pomupanga. Gawo lolipiritsa ndi loyambira mu Januwale 2026. Mafakitale a ku Ulaya amalipira kale pa mpweya umene amatulutsa, ndiye akuopa kulandidwa msika ndi anzawo a kumayiko kumene kulibe malipiro otere.

Liwu loti msonkho ndi lathulathu. Limachokera ku kusonkha. Pamaliro timasonkha ufa ndi nkhuni, anthu akasonkhana timati msonkhano, ndipo kukankhira zikuni pamodzi kuti ziyake timati kusonkha moto. Ine sindikayika kuti tsinde lake ndi limodzi, kubweretsa zinthu pamodzi, aliyense kake. Atsamunda ndiwo analiumitsa liwuli ndi msonkho wawo wa nyumba, chopereka chaufulu n'kusanduka chokakamiza.

Kaboni ndiye ndikumukana. Ife amene tinakula tikuona kalaliki wogula thonje ku Salima akulowetsa pepala la buluu pakati pa malisiti, kaboni ndi pepala limenelo. Mukawauza amayi a ku Khombedza kuti azungu akudula msonkho wa kaboni, amva za mapepala. Atolankhani athu angolinyamula liwuli m'Chingerezi osalisenda, ndipo ulesi umenewu ukutiphera chiyankhulo. Zinateronso pamene boma lathu linabweretsa msonkho wa dzina lomweli pa galimoto. Anthu ankalipira osadziwa chimene akulipirira.

Utsi ndi Chichewa chomveka, koma ukusocheretsa. Utsi umaoneka, umatsokomoletsa, umalizitsa misozi. Mpweya umene akunenawu suoneka ndipo sununkha. Pa simenti, wambiri umachokera m'mwala wa laimu womwewo pamene ukuwotchedwa, ngakhale chumuni chitaoneka choyera. Mpweya woipa tinauphunzira ku pulayimale, koma mitengo imaufuna kuti ikule, ndiye kuipa kwake n'kotani? Vuto ndi kuchuluka kwake mumlengalenga, kumene umatsekereza kutentha. Choncho anawo auzeni kuti ndi msonkho wa mpweya wotenthetsa dziko, wolipiridwa pachipata. Ndi dzina lalitali, inde, koma mwana akalimva sasowa womumasulira.

Pali china chimene simunafunse koma chikundiwawa. Ndamva owerenga nkhani akuti "mayiko a mu Africa azikhoma msonkhowu". Chichewa chimasiyanitsa wokhoma msonkho ndi wokhometsa, ndipo apa onse awiri ali ku Ulaya. Wokhometsa ndi European Union, wokhoma ndi kampani yoitanitsa katunduyo. Ife ululu umatipeza pambuyo, wogula akatsitsa mtengo kapena akapita kwa wina amene amapanga katundu wake ndi magetsi osachokera ku malasha. N'chifukwa chake nkhawa yakula ku South Africa, kumene magetsi ambiri ndi a malasha, ndi ku Mozambique, kumene fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo inkagulitsa aluminiyamu wambiri ku Ulaya. Lamuloli limalolanso kuchotsera ndalama zimene wopanga katundu analipira kale kwawo pa mpweya womwewo, ndipo apa pokha mpamene tinganene kuti wa ku Africa wakhoma.

Shuga wa kwanu ku Dwangwa, fodya ndi tiyi sizili pa mndandanda wa katundu ndatchula uja. Mwana akakufunsani ngati bambo ake olima nzimbe azikhoma nawo msonkhowu, muuzeni kuti ayi.