Ndikufuna ntchito yofufuza ululu, koma amayi akuti ndapenga

FUNSO: Achimwene, ndili chaka chachitatu ku yunivesite, ndikuphunzira za mankhwala. Aphunzitsi athu anatchulako zoti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza ululu wa njoka, zinkhanira ndi akangaude kuti aone mmene umagwirira ma ion channel, ine ndinangotengeka nazo pomwepo. Koma amayi akuti ndapenga, ndidzafa ndi njoka basi. Ntchitoyi imakhala yotani kwenikweni, nanga ndiyambire pati? — Mtsikana wokonda labu

YANKHO: Achemwali, auzeni amayi agone tulo. Ambiri a ntchito imeneyi njokayo saigwira nkomwe, okama ululu ndi anthu ena odziwa zimenezo, kwa inu umafika utauma kale, kaufa pang'ono m'kabotolo kosungidwa mu firiji. Masiku ano nthawi zina ngakhale kaufako sikafunika, amangowerenga majini a chinyamacho kenako n'kupanga peptide (kapuloteni kakang'ono) yomwe akuifunayo ndi makina kapena ndi mabakiteriya.

Ndiye funso lenileni si lakuti mumaopa njoka kapena ayi, koma lakuti ma ion channel amakusangalatsani? Chifukwa moyo wanu wonse udzathera pamenepo. Awa ndi mapuloteni okhala pakhungu la selo, ali ngati tizitseko totsegukira sodium, potassium kapena calcium, ndipo kutseguka ndi kutsekeka kwaketo ndi kumene kumapanga magetsi a m'mitsempha, mtima kugunda, inuyo kumva kuwawa. Ululu ndi chisakanizo cha ma peptide ambirimbiri, ena mwa iwo amapita pa channel ya mtundu umodzi wokha n'kuitseka kapena kuisiya ili pululu, enawo osawakhudza. Kusankha kumeneku ndi kumene asayansi amakufera.

Tsiku lanu lizikhala chonchi. Mwakhala pa maikulosikopu, mwatenga kagalasi kosongoka kuposa tsitsi, mukukatsitsa pang'onopang'ono mpaka kakhudze selo imodzi, mukoke mpweya pang'ono kuti kamatirire, wina akangomenyetsa chitseko zonse zawonongeka muyambirenso. Kakamatirira bwino mumaona kamzere ka magetsi pa kompyuta, mumathira peptide uja, kamzereko kakangotsika ndiye kuti channel yatsekeka. Njirayi ndi patch clamp, anaiyambitsa Erwin Neher ndi Bert Sakmann ku Germany ndipo anapata nayo Nobel mu 1991. Ma labu ena amabaya RNA m'mazira a chule wa Xenopus laevis kuti dzira lipange channel yomwe akufuna kuyeza. Sabata yathunthu itha kutha muli ndi maselo abwino owerengeka chabe, ngati ndinu wamtima wapachala ganizani kawiri.

Chimene aphunzitsi ambiri sanena n'chakuti phindu lalikulu la ululu lakhala pa kutithandiza kumvetsa thupi, mankhwala amabwera apo ndi apo. Mu 1963 Chang ndi Lee ku National Taiwan University anapatula peptide yotchedwa alpha-bungarotoxin mu ululu wa njoka ya krait, ndipo chifukwa imakakamira zolimba pa acetylcholine receptor, puloteni yolandira uthenga wa mitsempha pa minofu, anthu anaigwiritsa ntchito popeza puloteniyo. Roderick MacKinnon naye anayamba ndi charybdotoxin ya chinkhanira pofufuza pakamwa pa potassium channel, mu 1998 anaonetsa maonekedwe ake enieni, Nobel n'kubwera mu 2003.

Mankhwala alipo ndithu. Captopril wa BP, yemwe anavomerezedwa mu 1981, anachokera pa kafukufuku wa ululu wa njoka ya jararaca ya ku Brazil, ngakhale iyeyu sagwira channel koma enzyme. Wa channel weniweni ndi ziconotide. Anachokera ku nkhono ya m'nyanja, Conus magus, yomwe imalasa nsomba, mu labu ya Baldomero Olivera ku University of Utah, ndipo amene anaipatula peptide imeneyi, Michael McIntosh, anali mnyamata wongoyamba kumene maphunziro. Ili ndi ma amino acid 25 okha, imatseka calcium channel yotumiza uthenga wa kuwawa m'thupi, koma taonani, inapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inaivomereza mu 2004, komanso si yomwa ayi, amachita kuilowetsa ndi pampu m'madzi a mu msana chifukwa m'mimba ingagayike ndipo kuchokera m'magazi singafike komwe ikufunika. Limeneli ndiye vuto la ma peptide pafupifupi onse.

Pali nkhani ina ya Nav1.7, sodium channel ya m'mitsempha yomvera kuwawa. Mu 2006 ofufuza analemba za mabanja ena a kumpoto kwa Pakistan omwe ana awo samamva kuwawa konse chifukwa channel imeneyi siigwira ntchito, ndiye aliyense anathamangira kufuna choitsekera, ma peptide a kangaude wa tarantula ngati ProTx-II amaitseka bwino kwambiri mu labu, koma kuti akhale mankhwala ogwira pa munthu zakhala zikukanika mpaka lero. Chimodzimodzi ma mambalgin, ma peptide a mu ululu wa mamba wakuda, a ku France anaonetsa mu 2012 kuti amaletsa kuwawa pa mbewa molingana ndi morphine. Pa mbewa, achemwali. Ine ndimaona kuti wolowa ntchitoyi ndi mtima wakuti adzatulutsa mankhwala akeake amatopa msanga, amene amakhalitsa ndi uja amasangalala kungodziwa chifukwa chake peptide iyi ikugwira channel iyi osati inzake.

Koyambira kwake, limbikirani physiology ndi biochemistry, musathawe fizikisi ya magetsi ndi masamu, phunziraninso Python kapena R chifukwa deta yake ndi yambiri. Pulojekiti ya chaka chomaliza ikhale ya mu labu, olo isakhale ya ululu, bola manja azolowere pipette, kagalasi kosongoka kaja. Kenako masitazi ndi PhD, ndipo musasankhe potengera dzina la yunivesite koma munthu amene adzakuphunzitseni, werengani mapepala ake awiri kapena atatu n'kumulembera imelo yaifupi yonena chimene chakugwirani mtima. Institute for Molecular Bioscience ya ku University of Queensland imadziwika pa za akangaude ndi nkhono, Instituto Butantan ku São Paulo ndi Liverpool School of Tropical Medicine pa za njoka. A ku Liverpool amalimbana kwambiri ndi mankhwala a wolumidwa, poti WHO imati kulumidwa ndi njoka kumapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 pachaka, mwina mbali imeneyo ndi imene amayi angaimvetse msanga.

Mipando ya uphunzitsi pa yunivesite ndi yochepa ndipo makontrakiti ambiri a pambuyo pa PhD ndi a zaka ziwiri kapena zitatu. Koma wodziwa patch clamp makampani a mankhwala amamufuna, chifukwa mankhwala atsopano amayezedwa pa channel ya mtima yotchedwa hERG asanafike kwa odwala.