Opaleshoni yowongola diso la mwana: tiyembekezere zotani?

Funso: Mwana wanga wa zaka zinayi diso lake lakumanzere limalowera cha kumphuno. Wavala magalasi chaka chathunthu koma silinawongoke, ndiye adokotala akuti achitidwe opaleshoni. Agogo ake akukana, akuti diso amalizula kaye n'kulibwezeramo. Kodi ndi zoona? Nanga tikonzekere bwanji? *Mayi wankhawa, Zomba*

Yankho: Mayi, auzeni agogo mtima ukhale m'malo. Diso silichotsedwa. Diso lililonse limayendetsedwa ndi timinofu tisanu ndi kamodzi tomwe tili kunja kwake, ndipo dokotala amagwira timeneti basi. Amacheka pang'ono kachikopa kopyapyala kokuta mbali yoyera ya diso, n'kupeza kamnofu komwe kakukoka kwambiri. Amakamasula ndi kukasokerera chakumbuyo kuti kafooke, kapena amafupikitsa kamnzake kuti kazikoka mwamphamvu. Zonsezi amayeza m'mamilimita. Ulusi wake umasungunuka wokha, choncho palibe zodzachotsa.

Musadabwe akanena kuti agwira maso onse awiri ngakhale inu mukuona vuto pa limodzi. Maso amayenda mogwirizana, ndiye nthawi zina kugawa ntchitoyo kumawongola bwino.

Mwana amagonetsedwa tulo ndi mankhwala, n'chifukwa chake asadye chilichonse kwa maola pafupifupi 6 nthawi isanakwane. Za madzi akumwa, achipatala akuuzani nthawi yosiyira. Apa musamumvere chisoni n'kumupatsa kaphala mobisa, chifukwa akasanza ali mtulo, chakudya chitha kulowa m'mapapo. Ngati ali ndi chifuwa, chimfine kapena watentha thupi, nenani msanga, mwina tsiku lisinthidwa. Opaleshoniyo imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ana ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Akadzuka amalira, ena amasanza, ndipo misozi imatha kusakanikirana ndi timagazi. Diso limafiira kwa milungu ingapo ndipo limamveka ngati muli mchenga. Panado amathandiza. Mankhwala odontheza m'diso muwapereke masiku onse omwe mwauzidwa, mutasamba m'manja. Manthongo pukutani ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira, kuchokera kumphuno kupita kunja. Mkaka wa m'mawere kapena zitsamba m'diso ayi ndithu. Mutalikitseni ku utsi wa nkhuni ndi fumbi, ndipo asasambire kumtsinje kapena kunyanja kwa mwezi. Kusukulu ya mkaka angabwerere pakatha sabata.

Thamangirani kuchipatala ngati chikope chatupa kwambiri, mukutuluka mafinya, thupi latentha, ululu ukuwonjezeka, kapena diso lalephera mwadzidzidzi kutembenukira mbali imodzi. Chomalizachi chingasonyeze kuti kamnofu kosokedwako kasomphoka, ndipo kafunika kubwezeretsedwa msanga. Kuona zinthu ziwiriziwiri masiku oyamba kumachitika, ndipo mwa ana kawirikawiri kumatha kokha.

Chomwe makolo ambiri amakhumudwa nacho n'chakuti opaleshoni imawongola diso koma siliwonjezera mphamvu yopenya. Magalasi apitiriza kuvala. Ngati diso lopendekekalo linafooka chifukwa ubongo unasiya kuligwiritsa ntchito, kumata diso labwino ndi kachigamba kupitirirenso, makamaka asanakwane zaka 7 pomwe zimathandiza kwambiri. Komanso minofu ya ana sipola mofanana: diso litha kutsalira pang'ono kapena kupitirira mbali inayo, ndipo ana ena amafunika opaleshoni yachiwiri. Adokotala amaona zotsatira zenizeni pakatha milungu pafupifupi 6, choncho tsiku lobwerera kukayezetsa musaliphonye, ngakhale diso likuoneka lowongoka.