Ndife Akhristu ndipo mapepala tili nawo, nanga tide nkhawa ndi chiyani ku England?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England wanditumizira imelo. Funso lawo ndi ili: "Kutchalitchi kwathu ena akunena kuti anthu oguba ndi mbendera ndi mitanda aja nkhondo yawo ndi ya Asilamu ndi obwera pa maboti, osati ife. Ife ndife Akhristu, tinalowa ndi viza, msonkho timakhoma. Kodi pali chodera nkhawa? Kapena mwina akutiyankhulira?"

Mayi, chodera nkhawa chilipo, ndipo anthuwo sakukuyankhulirani.

Tiyambire ku Southport, tauni ya kumpoto kwa England. Pa 29 July 2024 mnyamata wa zaka 17 anabaya ndi mpeni ana amene ankaphunzira kuvina, ndipo atsikana atatu anamwalira. Tsiku lisanathe, mphekesera inali itadzaza pa intaneti yoti wachiwembuyo ndi Msilamu wothawa kwawo amene anafika pa boti. Anamupekera ndi dzina lomwe. Mawa lake madzulo khamu linapita kukagenda mzikiti wa m'tauniyo ndi njerwa, n'kuyatsa galimoto ya apolisi. Zoona zake n'zakuti mnyamatayo, Axel Rudakubana, anabadwira ku Cardiff, mu UK momwemo, makolo ake ndi ochokera ku Rwanda, banja lopita kutchalitchi. Boti sanakwerepo. Woweruza analola kuti dzina lake liululidwe pa 1 August, koma zipolowe sizinaleke. Pa 4 August anthu anayesa kutentha hotela ina pafupi ndi Rotherham muli othawa kwawo m'katimo.

Chimene ndikufuna muone ndi zimene zinachitika ku Middlesbrough tsiku lomwelo. Anyamata anaima pamphambano n'kumaimitsa magalimoto, kusuzumira pa zenera kuti aone ngati woyendetsayo ndi mzungu. Palibe amene ankafunsidwa viza. Palibe amene ankafunsidwa kuti Lamulungu amapemphera kuti. Mukanakhala inuyo mukuchokera ku shifiti yausiku, yunifolomu ili m'thupi, Baibulo lili m'chikwama, chimene akanaona ndi khungu basi. Ife Amalawi izi tinaziona kale ku Joni. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera ku South Africa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dzikolo. Khamu likapsa mtima lilibe nthawi yowerenga mapepala a munthu.

Za mitandayo. Tommy Robinson, amene dzina lake lenileni ndi Stephen Yaxley-Lennon, anayamba kudziwika mu 2009 ndi gulu la English Defence League ku Luton, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo yake ndi imodzi: Chisilamu. Pa msonkhano wake wa ku London pa 13 September 2025 panafika anthu oposa 100,000, ena atanyamula mitanda yamatabwa. Sindinganene za mumtima mwa munthu aliyense amene anali pamenepo. Koma mtanda pamalo ngati amenewo nthawi zambiri umagwira ntchito ya chizindikiro cha mtundu, chonena kuti dziko lino ndi la ife, osati inu. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti odzitcha Akhristu ku England ndi Wales atsika mpaka 46 pa 100 alionse, pamene Asilamu ndi 6.5 pa 100 alionse. Mipando ya m'matchalitchi sanaikhuthule ndi Asilamu. Eni ake anangosiya kupita, ndipo m'mizinda yambiri amene akuidzazanso lero ndi anthu ngati inu, ochokera ku Nigeria, Ghana, Zimbabwe ndi kwathu kuno. (Zimandidabwitsa kuti munthu wokulira m'dziko limene Msilamu, Bakili Muluzi, analamulira kuyambira 1994 mpaka 2004, dziko limene mzikiti ndi tchalitchi zimapenyana pamsewu umodzi, akafika ku Leeds n'kuyamba kuopa mnzake wovala hijabu chifukwa cha kanema wa pa WhatsApp.)

Tisawaike m'thumba limodzi onse. Chipani cha Reform UK cha Nigel Farage si gulu la ogenda mizikiti, ndipo Farage wakhala akukana kugwirizana ndi Robinson. Ambiri ochivotera ndi anthu otopa ndi lendi yokwera ndi mizere ya kuchipatala, ndipo dandaulo lawo loti obwera achuluka mofulumira lili ndi pogwira: m'chaka chothera mu June 2023 olowa m'dzikolo anaposa otuluka ndi pafupifupi 900,000. Kufuna kuti chiwerengerocho chitsike si tsankho palokha. Koma onani bwino manambalawo. Owoloka nyanja pa maboti mu 2024 anali pafupifupi 37,000. Ndiye kuti unyinji wa obwerawo ndi a viza: ophunzira, anamwino, osamalira okalamba ndi mabanja awo. Wandale akalonjeza kudula chiwerengero, mpeni sungathere pa maboti, chifukwa pamenepo nyama yake ndi yochepa. Ufika kwa inu.

Ndipo wafika kale. Pa chisankho cha July 2024 Reform inapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 alionse koma aphungu 5 okha, komabe mantha oti ilanda mavoti akusuntha zipani zikuluzikulu. Boma la Conservative ndi limene mu March 2024 linaletsa osamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo. Boma la Labour ndi limene mu July 2025 linatseka khomo lolemba antchito oterewa kuchokera kunja, n'kunenanso kuti likufuna zaka zodikira chilolezo chokhazikika (chokhala m'dzikolo popanda malire a nthawi) zichoke pa 5 kufika pa 10 kwa anthu ambiri. Reform yokha inalengeza mu September 2025 kuti ikadzalamula idzathetseratu chilolezo chokhazikikacho. M'malamulo onsewa mulibe mawu oti kupatula Akhristu.

Musalongedze katundu. Apolisi anamanga anthu oposa 1,000 chifukwa cha zipolowe za mu 2024 zija, ndipo ambiri anakalowa m'ndende pasanathe milungu. Ku Southport komweko anthu a m'deralo anadzuka m'mawa kukasesa magalasi ndi kumanganso mpanda wa mzikiti. Pa 7 August 2024, pomwe kunamveka kuti achiwawa akupita ku maofesi othandiza obwera, anthu zikwizikwi anadzaza misewu ya Walthamstow ndi Bristol kukatchinjiriza.

Chochita chanu n'chapafupi. Lowani bungwe la ogwira ntchito, sungani makope a mapepala anu onse, ndipo tsiku lofunsira chilolezo chokhazikika likakwana musazengereze. Komanso kalembetseni kuvota: nzika za mayiko a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, zokhala ku UK movomerezeka zili ndi ufulu wovota, pa chisankho cha makhansala ndi cha aphungu chomwe. Kulembetsako kumachitika pa intaneti, ndipo amafunsa nambala yanu ya National Insurance.