Mafunso a Owerenga: Khothi likabisa dzina la woganiziridwa kuti wapha munthu

Funso: Ndine mayi wa ku Mangochi ndipo ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Achimwene anga anaphedwa usiku akuchokera kuntchito, ndipo patapita milungu ingapo apolisi anatiuza kuti agwira munthu. Titapita kukhothi tinamuona ataima kutsogolo, koma majisitireti analamula kuti dzina lake ndi chithunzi chake zisafalitsidwe, kenako mlandu unaimitsidwa. Abale kumudzi akuti munthuyu wapereka ziphuphu, ena akuti akutipeputsa poti ndife obwera. Pagulu lathu la WhatsApp wina ali nacho chithunzi chake ndipo akufuna kuchimwaza kuti dziko limudziwe. Dzina la malemu linalembedwa paliponse, nanga la wowaphayo likubisidwa bwanji?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha zovuta zimene zakugwerani kutali ndi kwanu. Funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyamba ndi chimene chili chofulumira: mupempheni mwini chithunziyo kuti asachitumize kwa aliyense, chifukwa amene angapindule nacho chikafalikira ndi woganiziridwayo, osati banja lanu.

Mu South Africa milandu imazengedwa poyera. Ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko lino a 1996 imanena kuti woimbidwa mlandu aziweruzidwa pamaso pa anthu m'khothi lodziwika, ndipo lamulo la kazengedwe ka milandu la 1977, lotchedwa Criminal Procedure Act, limabwereza zomwezo pa ndime 152. N'chifukwa chake inu munaloledwa kulowa n'kumuona munthuyo ndi maso anu. Dziko lino linafika mpaka poonetsa mlandu wakupha wa katswiri wothamanga Oscar Pistorius pa wailesi yakanema mu 2014, anthu akuonera m'nyumba zawo. Choncho kwa munthu wamkulu woimbidwa mlandu wakupha, kubisidwa dzina si ufulu wake wamuyaya. Kumachitika kwa kanthawi, ndipo kumakhala ndi chifukwa chimene woimira boma pa mlandu amachifotokoza kwa majisitireti.

Chifukwa chofala kwambiri ndi perete wozindikiritsa woganiziridwa. Apolisi amamuimika pamzere pamodzi ndi anthu ena ofanana naye msinkhu ndi maonekedwe, kenako mboni zimene zinaona zochitikazo zimabwera imodziimodzi kudzaloza amene zinamuona. Umboni umenewu umakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati mboniyo ikuloza kuchokera pa zimene ikukumbukira za usiku umenewo. Tsono ganizirani kuti chithunzi chazungulira m'magulu onse a Amalawi kuyambira ku Rosettenville mpaka ku Diepsloot perete asanachitike. Tsiku la mlandu loya wa woimbidwa mlandu adzangoifunsa mboni funso limodzi, ngati inaona chithunzicho pafoni isanapite kukaloza, ndipo ikadzavomera, woweruza adzakayikira ngati inazindikira munthu amene inamuona mumdima kapena nkhope imene inaiona pafoni. Pa mlandu wakupha boma liyenera kupereka umboni wosasiya chikayiko chomveka, ndiye kukayikira kotereku kungathe kumasula munthu amene anaphadi. Nthawi zinanso dzina limabisidwa chifukwa anzake a woganiziridwayo sanagwidwe, ndipo akamva kuti mnzawo ali m'chitokosi amathawa kapena kuopseza mboni. Ngati pa mlanduwo pali nkhani yogwiririra, ndime 154 ya lamulo lomweli imaletsanso kufalitsa za mlanduwo woimbidwa mlandu asanayankhe ngati akuvomera kapena akukana.

Palinso chifukwa china chimene ndikudziwa kuti n'chowawa kuchimva pamene muli pa chisoni, koma sindingachilumphe. Munthu amene apolisi agwira sanapezeke wolakwa, ndipo apolisi amatha kugwira munthu wolakwika. Pamene Senzo Meyiwa, goloboyi wa Orlando Pirates ndi Bafana Bafana, anawomberedwa ku Vosloorus mu Okutobala 2014, bambo wina anamangidwa patangopita masiku ochepa, anaonekera kukhothi ndipo dzina lake linamveka dziko lonse, koma mwezi wotsatira mlandu wake unachotsedwa chifukwa umboni unali wosakwanira. Amene anadzaimbidwa mlanduwo pambuyo pake ndi anthu ena asanu, mu 2020. Ife obwera tiyenera kuimvetsa nkhaniyi kuposa wina aliyense, chifukwa tikudziwa zimene zimachitika m'makomboni muno gulu la anthu olusa likapatsidwa dzina ndi nkhope. Chithunzi chimene chatumizidwa sichibwezedwa, ndipo mkazi, ana ndi achibale a munthuyo, amene sanaphe aliyense, ndi amene amayamba kugogoderedwa usiku.

Wofalitsayo nayenso amadziika m'mavuto. Kunyozera lamulo la majisitireti ndi mlandu wonyoza khothi, ndipo chilango chake chingakhale chindapusa kapena ndende. Ndime 69 ya lamulo la apolisi la 1995 imaletsa kufalitsa chithunzi cha woganiziridwa amene ali m'manja mwa boma popanda chilolezo cholembedwa cha mkulu wa apolisi. Kuwonjezera apo, kumutchula munthu kuti ndi wakupha khothi lisanagamule kungachititse kuti akusumireni chifukwa choipitsa mbiri yake. Malamulo amenewa sasiyanitsa mtolankhani ndi munthu wamba amene walemba pa Facebook kapena WhatsApp.

Za kuimitsidwa kwa mlandu, musataye mtima. Womangidwa ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, ndipo tsiku loyambalo si tsiku lozenga mlandu. Majisitireti amangoona ngati munthuyo ali ndi loya, n'kukhazikitsa tsiku lomva pempho la belo, pomwe apolisi akutsiriza kufufuza. Khothi laling'ono la majisitireti silizenga mlandu wakupha. Kafukufuku akatha umatumizidwa ku khothi la chigawo kapena ku khothi lalikulu, limene kuno ku Johannesburg lili mu msewu wa Pritchard, ndipo pofika pamenepo dzina la munthu wamkulu limakhala litadziwika kale. Belo pa mlandu wakupha saipereka apolisi, ndipo kukhothi ndi woimbidwa mlanduyo amene ayenera kusonyeza kuti n'koyenera kumutulutsa. Ngati boma likunena kuti anachita kukonzekera kupha, ayenera kusonyeza zifukwa zapadera kwambiri. Akapezeka wolakwa pa kupha kokonzekera, lamulo la 1997 limaika chilango cha moyo wonse m'ndende, ndipo pa kupha kwina chilango chimayambira pa zaka 15 kwa wolakwa koyamba, pokhapokha woweruza atapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera. Abale kumudzi muwauze kuti asayembekezere chilango chonyonga, chifukwa dziko lino linachithetsa mu 1995.

Sindikunena kuti ziphuphu kulibe, ndiponso sindikunena kuti obwera salandira chipongwe m'maofesi ena. Chimene ndikunena n'chakuti lamulo limene munamva kukhothi lija, palokha, si chizindikiro cha ziphuphu. Kawirikawiri limasonyeza kuti boma likusamala umboni wake. Chimene mungachite ndi kusunga nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi wofufuza, kumafika tsiku lililonse la mlandu, ndi kupempha kuonana ndi woimira boma kuti akufotokozereni chifukwa chake dzina likubisidwa komanso kuti lamuloli lidzatha liti. Ngati banja likuopa kuti munthuyo akatuluka pa belo achita chipongwe, muuzeni wofufuzayo tsiku la belo lisanafike, popeza majisitireti amaganizira chitetezo cha mboni ndi cha banja la malemu. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo malamulo a kuno amagwirizana nawo: mlandu wakupha ulibe malire a zaka, ungazengedwe ngakhale patapita nthawi yaitali bwanji.

Funso: Ndine malume ake a mnyamata wa zaka 16 amene anabadwira ku Dedza koma wakulira kuno. Anamangidwa pambuyo pa ndewu imene mnyamata wina anafa. A banja la malemu akwiya kuti saloledwa kulowa m'khothi, ndipo anthu ayamba kulemba dzina la mphwangayu pa intaneti. Mlandu ukuchedwa, mwina adzakwanitsa zaka 18 usanathe. Kodi pamenepo nyuzipepala zidzamutchula?

Yankho: Bambo, apa nkhani ndi yosiyana ndi ya pamwambayi, chifukwa chitetezo cha mwana sichidalira pempho la loya kapena chifundo cha majisitireti, chinalembedwa m'lamulo. Ndime 154 ya lamulo la 1977 lija imaletsa kufalitsa chilichonse chimene chingaulule mwana wosakwana zaka 18 amene akuimbidwa mlandu kapena ndi mboni. Si dzina lokha: chithunzi, dzina la sukulu, dzina la kholo kapena nambala ya nyumba, zonsezi zikhoza kumuulula. Komanso lamulo la chilungamo cha ana, Child Justice Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2010, limanena kuti pa mlandu wa mwana m'khothi muzikhala okhawo ofunika pa mlanduwo ndi amene woweruza wawaloleza. N'chifukwa chake a banja la malemu anabwezedwa pakhomo. Angathe kupempha chilolezo kudzera kwa woimira boma, ndipo ine ndikuona kuti pempho lotere ndi loyenera kulimvera, chifukwa iwo ataya mwana ndipo akufuna kumva ndi makutu awo mmene anafera.

Pa funso la zaka 18, kale zinali monga mukuopera: mwana akangokula, atolankhani ankamasuka kumutchula. Zinasintha mu Disembala 2019, pamene Khothi Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko, limene lili ku Braamfontein, linagamula pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira makampani a nyuzipepala. Nkhaniyi inayambira pa mtsikana wodziwika ndi dzina la Zephany Nurse, amene anabedwa ali khanda ku chipatala cha ku Cape Town mu 1997 n'kupezeka mu 2015 atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 18. Khothi linagamula kuti chitetezochi chifikenso kwa ana amene alakwiridwa, ndiponso kuti chisathe munthu akakula, pokhapokha mwini wake atavomera kuti adziwike kapena khothi litaloleza. Choncho dzina la mphwanuyo likhalabe lotetezedwa ngakhale mlandu utatha ali wamkulu.

Anthu ambiri amaona ngati uku n'kulekerera, koma kubisidwa dzina sikuchotsa chilango. Mwana wa zaka 16 amazengedwa mlandu wakupha, ndipo akapezeka wolakwa angathe kupita kundende mpaka zaka 25. Chimene lamulo likufuna n'chakuti akamaliza chilango chake adzathe kupeza ntchito ndi kukhala pakati pa anthu, m'malo moti cholakwa cha paubwana chimutsate pa intaneti mpaka imvi. Ndipo ngati khothi lingapeze kuti sanalakwe, kapena kuti ankadziteteza, asadzakhale atawonongedwa kale. Zimene anthu alemba muzijambule pafoni monga umboni n'kuzipereka kwa loya wake, amene angazifikitse kwa woweruza. Ngati mulibe ndalama za loya, bungwe la Legal Aid South Africa limathandiza ngakhale amene si nzika, ndipo ngati mnyamatayo kapena makolo ake samva bwino Chingerezi, pemphani womasulira wa Chichewa, chifukwa ndime 35 ija imapatsa woimbidwa mlandu ufulu womva zonse m'chiyankhulo chimene amadziwa. Popeza ndi Mmalawi, ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe za kumangidwa kwake. Inu monga malume, musayankhe zolembedwa pa intanetizo ndipo musapite nokha kukakambirana za mlanduwu ndi mboni kapena ndi banja la malemu, ngakhale mwambo wakwathu umafuna kuti mukapepese. Kuyenda koteroko kungaoneke ngati kusokoneza mboni. Funsani kaye loya.

Funso: Ndinaona munthu akubayidwa pafupi ndi pamene ndimagulitsa malonda ku Hillbrow, ndipo wapolisi akufuna ndikakhale mboni. Anthuwo amandidziwa. Kodi dzina langa lingabisidwe?

Yankho: Lingathe kubisidwa kwa anthu wamba ndi atolankhani. Ndime 153 imapatsa khothi mphamvu yolamula kuti mboni imene ingachitidwe chipongwe ipereke umboni zitseko zili zotseka ndi kuti dzina lake lisaululidwe. Koma ndikuuzeni zoona kuti woimbidwa mlandu ndi loya wake amakhalamo, chifukwa ali ndi ufulu womva umboni ndi kuifunsa mafunso mboniyo. Ngati chiopsezo chili chachikulu, pali lamulo loteteza mboni la 1998, limene limalola kuti mboni ndi a m'banja lake asamutsidwire kumalo obisika. Muuzeni wofufuzayo kapena woimira boma za mantha anu tsopano lino, musanaitanidwe kukhothi, ndipo ngati wina wakuopsezani kale, sungani mauthengawo ndipo mukanene tsiku lomwelo, chifukwa kuopseza mboni kungachititse kuti woimbidwa mlandu akanizidwe belo kapena alandidwe imene anapatsidwa.